Tsiku limene ndinamutema Esinati pa mjigo

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mayi anga anawapeza ndi khansa ya m'mawere. Tinkakhala kufupi ndi Nsaru, pa esiteti ya fodya pomwe bambo anali tenanti. Madokotala anati Lachinayi mayi apite ku tauni, akawachotse bere lakumanzere.

Lachitatu masana ndinapita ku mjigo. Esinati, mnzanga wa m'kalasi, anandiyang'ana n'kuseka.

"Eti amako akukawadula bere? Azidzayenda chopendekera ngati ngolo yoguluka tayala."

Ndinatola chibenthu cha njerwa n'kumutema nacho pamphumi. Atagwa ndinamukhalira pamimba n'kumumenyanso kawiri, katatu, mpaka magazi anamudzaza m'maso n'kumadonthera m'matope. Amayi awiri ndiwo anandikoka, ndipo mmodzi ndinamuluma dzanja.

Ndinafika pakhomo madzulo, nkhani itafika kale. Bambo anandilandira ndi mphira womangira katundu pa njinga. Kwa milungu iwiri anali asakuyankhula ndi munthu, ndipo tsikulo mantha awo onse anathera pamsana panga. Mayi ankakuwa ali pamphasa kuti andileke, koma analibe mphamvu zodzukira.

Nthawi yomweyo anthu a mphakati wathu wa ku tchalitchi anatulukira, kudzawapempherera mayi monga anapanganira. Patsogolo panali mtsogoleri wawo, Mayi Nachisale, amake a Esinati. Ankachokera kuchipatala komwe mwana wawo anakamusoka, chitenje chili ndi magazi ouma. Ndinati basi, abwera kudzandimaliza.

Anaugwira mphira uja uli m'mwamba.

"Bambo, mawa akazi anu akukakumana ndi mpeni. Magazi a lero akwana."

Mayi Nachisale anandikhazika pambali pawo. Anthu anagwada pabwalo n'kuyamba pemphero la Korona, fungo la fodya wa m'chigafa likutsamwitsa. Pofika potchula dzina la mayi, dzanja la Mayi Nachisale linandifinya phewa lotupa mpaka ndinaluma mano. Sanandimwetulire, sanatinso andikhululukira. Pochoka anangoti, "Loweruka ukamuone mnzako. Ukayang'anitsitse chimene wachita."

Ndinapita. Ulusi wakuda unali utayenda kuchokera pa nsidze mpaka m'tsitsi. Esinati anatembenukira kukhoma, ndipo ubwenzi wathu unathera pomwepo. Mayi anabwerako kuchipatala, nakhala nafe zaka zina zisanu ndi chimodzi.

Ndili mwana ndinkayesa kuti munthu amayamba waphwa mtima, kenako n'kupempherera mnzake. Lero, pamene nane ndili ndi ana, ndikudziwa kuti Mayi Nachisale anali okwiya tsiku lija, mwina kuposa bambo. Anabwerabe ndi mkwiyo wawowo n'kugwada nawo pabwalo pathu, chifukwa wodwalayo anali wawo.