Sitovu Yomvera Zala za Atelala

Atelala anayamba kusoka pa 9 Meyi 1979, ndipo anasiya pa 30 Juni 2020, nyamakazi itapinda zala zawo ngati mbedza. Amuna awo atamwalira anatsala okha m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo sankafuna kuchokamo. Koma pa 4 Febuluwale chaka chino sitovu yawo yakale inayamba kutaya gasi, mwana wawo wamkazi n'kupezerapo mpata.

"Amayi, basi tiyeni muzikakhala kwathu. Ndi zala zimenezo simungayatse sitovu zamakonozi."

"Ndikalephera kuyatsa ndekha, udzanditenge," anatero atelala.

Pa 8 Febuluwale mkamwini wawo anapita nawo kusitolo. Iye anathamangira sitovu yonyezimira, ya malo ophikira asanu. Atelala anagwira batani lake losalala, zala n'kuterereka. Anayesa sitovu yachiwiri, yachitatu, mpaka yachisanu ndi chimodzi, akukanikiza ndi kupotoza, thukuta lili kamukamu.

"Agogo, mukugula kapena mwabwera kudzalimbitsa zala?" anaseka wogulitsa.

"Mwanawe, ndinkasankha makina iwe usanabadwe. Tulutsa ina."

Pakona panali ina ya malo awiri, yotuwa ndi fumbi, ya mabatani akuluakulu otambalala. Analipana batani ndi chikhatho n'kupotoza. Linamvera.

"Komatu ndi yosaoneka bwino, amayi," anadandaula mkamwini.

"Sindikukwatiwa nayo ayi. Nyamulani."

Atailumikiza kunyumba, atelala anaiyatsa okha n'kutereka madzi a tiyi. Mwana wawo anamwa makapu awiri, ndipo za kusamuka sanazitchulenso.