Botolo la azakhali

Azakhali anga, alongo awo a bambo, sindinawakhululukire mpaka lero. Tikakumana pamsika wa Mtakataka, iwo atakolekera chikwama chawo cha mafuta odzola, ndimawapatsa moni wapakamwa basi.

Ziphuphu ndinali nazo kuyambira kusekondale. Zinkachuluka mu Okutobala, kuno kukatentha mpaka thukuta kulowa m'maso. Mnyamata amene anandifunsira anandipeza nazo ndipo sanadandaulepo. Amene anadandaula ndi azakhali, tsiku la chinkhoswe litangodziwika.

"Iwe, nkhope ngati chipwete imeneyi ukaionetse kwa akuchimuna?" anatero. "Ufuna kutichititsa manyazi?"

Anabwera ndi sopo wofiira, timachubu topanda ndi pepala lomwe, ndi mafuta oyeretsa khungu. Timachubuto ndi mafutawo anazifinyira m'botolo limodzi, n'kutakasa ndi kamtengo. M'mawa sopo ndi mandimu, masana za m'botolo, pogona mankhwala otsukira mano pachiphuphu chilichonse. Ndikati zikuwotcha ankati, "Ndiye kuti zikugwira ntchito." Amayi ankangoyang'ana kumbali, poopa kutsutsana ndi alamu awo.

Poyamba nkhope inayeradi, azakhali n'kumandionetsa kwa makasitomala awo. Kenako inatupa, khungu linayamba kusupuka, ziphuphu zinabwerera ndi abale awo omwe. Anesi kuchipatala anandikalipira nandiuza kuti ndisiye zonse, koma masiku anali atatha.

Pachinkhoswe kwathu mkazi amatuluka pamodzi ndi atsikana anzake, onse atafunda zitenje kumutu, ndipo akuchimuna amavundukula mmodzimmodzi kufuna wawo. Ndi masewera chabe. Amati "si uyu," anthu n'kumaseka, nthungululu zili mbwee.

Wovundukula anali mlongo wake wa mnyamata wangayo, munthu amene tinkaimba naye kwaya ku Mua. Anavundukula woyamba. "Si uyu!" Anthu kuseka. Anafika pa ine, nakweza chitenje. Masaya ofiira ngati nyama yaiwisi, chipumi choyera, khosi lakuda. Anandiyang'ana ndithu.

"Si uyu," anatero, nandifunditsanso, n'kupita kwa wotsatira.

Anthu anafa nazo nseko poganiza kuti akusereula. Ine maso ake ndinawaona, sankasereula. Ndinalira m'chitenjemo mpaka amalume anachita kumukodola kuti abwerere. Azakhali nthawi imeneyo anali kutsogolo, akuvina.

Ukwati unachitika, koma mawanga akuda m'masayamu alipobe. Azakhali sanapepesepo. Amati khungu langa ndi lamwano.

Chaka chatha anabwera kudzacheza. Mwana wanga wamkazi atagwada kuwapatsa moni, anamugwira chibwano, n'kumutembenuzira kowala.

"Tiziphuphu tayamba," anatero. "Ndili ndi kenakake m'chikwamamu."

Ndinamuuza mwanayo kuti alowe m'nyumba. Chikwamacho ndinachinyamula ndekha, ndinakachiika m'mbali mwa msewu.

"Azakhali, minibasi ya ku Golomoti sichedwa," ndinatero. "Kadikireni komweko."