Maliro Omwe Anadikira Amai Kamwendo

Amai Tereza Kamwendo amasoka zovala pakhonde la nyumba yawo ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue. Makina awo ndi opalasa ndi mapazi, ndipo iwo eni amati mwina miyendo yawo inaphunzirira pamenepo kusatopa msanga, ngakhale palibe dokotala amene anatsimikiza zimenezi. Agogo awo anachokera ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito ya njanji. Iwo anabadwira mu Kafue momwemo, nakwatiwa ndi Bambo Wenceslaus, omwe tsopano anapuma ntchito ku fakitale. Kutchalitchi ali m'gulu la amai a Anna Woyera, ndipo pamaliro a m'dera lawo nyimbo amayambitsa ndi iwo.

Kuthamanga anakuyamba ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Namwino wa pakiliniki atawapima anati, "Ba mami, magazi yanu yathamanga maningi."

"Ngati yathamanga," anayankha iwo, "lekani niyapilikitse."

Namwinoyo anangonena zoyenda pansi, ndipo poyamba anayendadi, kufika kudera la Estates ndi kubwerera. Kenaka mapazi anayamba kufulumira okha. Chaka chisanathe anali kuthamanga m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka kulowera ku Shimabala m'mawa uliwonse, chitenje chili pamwamba pa thalauzi. Makondakitala anali kuwaitana kuti, "Ba mami, kwelani, malo yalipo!" Amuna awo nawo sanasowe chonena.

"Bamake Gwen, munthu amathamanga ngati pali chomupilikitsa. Imwe muthawa ndani?"

"Nithawa mafunso yanu."

Zoona zake n'zakuti anali kukondwera nako. Pamsewu palibe amene amabwera ndi diresi yoti ichepetsedwe lero lomwe. Pali fungo la minda ya tomato yothiriridwa kumene, mapiri, ndi mpweya wawo ukulowa ndi kutuluka.

Patapita zaka zitatu, mwana wawo Gwendolyn anawalembetsa mumpikisano waukulu wa ku Lusaka, wa makilomita makumi anayi ndi awiri, ndi mamita ena pamwamba pake omwe othamanga safuna kuti aiwalike. Lamulo lake linali lakuti munthu afike pasanathe maola asanu ndi limodzi. Kumbuyo kwa onse kumabwera basi yotola otsalira, kuti misewu itsegulidwe. Zopambana Amai Kamwendo sanaziganizire n'komwe. Chomwe anafuna chinali chimodzi: kufika ndi mapazi awo, osakwera basi imeneyo.

Linali Loweruka. Anthu anali nyomi, achinyamata ndi aimvi, onenepa ndi owonda ngati bango. Chitenje anachipinda n'kuchimanga m'chiuno ngati lamba kuti chisawakole. Misewu yomwe anali kuidziwira pawindo la minibasi popita kukagula nsalu ku Kamwala inalibe galimoto ndi imodzi yomwe, ndipo iwo anali kuponda pakati penipeni, pamzere woyera, akuseka okha. Anthu osawadziwa anali kuwapatsa madzi ndi nthochi. Pakona ina anyamata anali kuimba ng'oma, iwo n'kugwedezako mapewa pang'ono podutsa.

Makilomita makumi atatu atakwana, chisangalalo chinatsikira m'mawondo n'kusanduka ululu. Dzuwa linakula, anthu anachepa. Pa kilomita ya makumi atatu ndi chisanu ndi chimodzi anacheuka ndipo anaiona basi ija, ili patali ndithu, koma ikubwera.

Pomwepo anafika pamphambano. Kumanzere, pamsewu wolowera kumanda, kunaima lole yobiriwira. Pamwamba pake panali bokosi, ndi amai ovala mipango atakhala molizungulira. Amai Kamwendo sanaganize kawiri. Anachita zomwe akhala akuchita chiyambire ali mwana: anapatuka, namasula chitenje, nachivala bwinobwino, naima m'mbali mwa msewu manja ali pamodzi, mutu uli pansi, kuti maliro adutse.

Lole sinasunthe. Inatha mphindi imodzi, kenaka yachiwiri. Anthu atatu othamanga anawapitirira akukoka miyendo. Iwo anaganiza kuti mwina galimotoyo yafa, namvera chisoni anamfedwa. Wapolisi wamkazi amene anali pamphambanopo anawayandikira.

"Ba mami, mwadwala?"

"Iyai mwanawanga. Nipatsa njila malilo."

"Malilo nayo yapatsa njila imwe. Mseu uyu sitingatsegule mpaka othamanga bonse bapite."

"Tsegulani chabe bapite. Ine kudutsa kutsogolo kwa bokosi siningakwanitse. Sitinaleledwe choncho."

"Ine nanso lamulo silinilola," anatero wapolisiyo, akuyang'ana kumbuyo. "Basi yanu ija yafika pa malobotsi."

Anaima choncho onse, maliro kudikira wothamanga, wothamanga kudikira maliro. Mtima wa Amai Kamwendo unali kugunda pawiri. Akadutsa, adzakaimba bwanji pamaliro a ku Nangongwe? Akaima, zaka zitatu zithera pampando wa basi.

Ndipo mai wina wachikulire anaimirira pa lole, akugwira chitsulo cha m'mbali. Anali atazindikira chitenje chawo, cha gulu la Anna Woyera.

"Imwe ba Anna Woyela, endani. Uyu tanyamula alibe changu, anafika kale. Ise bamoyo ndise tapsa na zuba."

"Pepani amai, ni ulemu chabe."

"Ulemu tauona, zikomo. Manje ulemu wina ni wakuti muthamange. Mng'ono wanga uyu anali kuchedwa paliponse, olo pa ukwati wake. Lelo sangakwiye."

Ena pa lolepo anaseka, misozi ili m'masaya. Mai uja anayambitsa nyimbo, osati yoyenda pang'onopang'ono ngati ya kumanda, koma ija yoomba m'manja, ndipo anzake anailandira. Amai Kamwendo anaweramira bokosi, nadutsa akuyenda, akunena kuti "pepani, pepani" mpaka kutsidya. Atafika uko anakwinya chitenje kufika m'mawondo, nayambanso kuthamanga. Nyimboyo inawaperekeza mpaka pomwe msewu unakhota.

Makilomita otsalawo sanali okongola. Injini ya basi anali kuimva kumbuyo kwawo, nthawi zina pafupi kwambiri moti anali kununkhiza utsi wake. Dalaivala sanaimbe hutala. Anali kuthamanga mitengo ya magetsi iwiri, kuyenda umodzi, kuthamanganso iwiri. Mnzawo wina amene anali naye limodzi anakweza dzanja, basi n'kuima, iye n'kukwera. Iwo sanacheuke.

Analowa pamzere womaliza kutatsala mphindi zinayi. Antchito anali atayamba kale kupasula matenti, koma mtsikana wa mendulo anali akadalipo, ndipo anawaveka. Gwendolyn anawakumbatira akulira. Bambo Wenceslaus anawapatsa botolo la madzi, nadikira kuti amwe.

"Mwachedwa kuti, bamake Gwen?"

"Ninali ku malilo."

Bambowo sanadabwe ngakhale pang'ono. Anavula chipewa. "Ya ndani?"

"Sinidziba."

Ndipo mpaka lero sadziwa. M'mawa mwake anapita ku Misa akutsimphina, atagwira mkono wa amuna awo pamasitepe. Pakhomo la tchalitchi pamakhala buku lolembamo maina a omwalira oti apemphereredwe. Anaima nthawi yaitali cholembera chili m'manja, anthu akudikira kumbuyo kwawo, kenaka analemba kuti: Mai wa pa lole yobiriwira, ndi abale ake onse.