Matutu a Mayi wa ku Sanga

Anabwera Lolemba m'mawa, pa 12 Disembala 1955, ine ndili m'munda. Anali awiri, kapitawo wa malimidwe ndi mesenjala wa ku boma. Kapitawoyo anaima pamwamba pa mulu umodzi, nsapato n'kulowa m'dothi, ndipo anati, "Mayi, lamulo likuti mizere. Izi n'chiyani?"

Ndinati ndi matutu. Kwathu ku Kande chinangwa timabzala pa milu ya dothi imeneyi, chifukwa malo ndi otsika ndipo mvula ikalimba madzi amadikha. Pa mizere chimawola. Ndinamuuza zimenezi, ndipo poti pakamwa panga sipanaphunzire kutseka, ndinawonjeza kuti amene analemba lamulolo akadye mizere yakeyo. Mesenjala anandilanda khasu n'kunditengera ku boma.

Pansi pa mtengo wa mango ndinasiya mitolo isanu ndi umodzi ya mbewu, mitengo ya chinangwa imene ndinali nditadula Loweruka. Mbewu yodula siyembekeza munthu. Ikatha masabata angapo imauma, ndipo chinangwa chimene sunabzale mvula ino ndiyo njala ya chaka chamawa. Mwamuna wanga anali ku Joni chaka chachinayi, kalata zitaleka. Kunyumba kunatsala ana awiri ndi apongozi anga, amene miyendo inali itawakana kale.

Pa 14 Disembala anandifunsa mafunso. Mzungu amayankhula, womasulira n'kumatembenuza.

"Wakutuma ndani kukana mizere?"

"Madzi," ndinatero.

Iwo amafuna dzina la munthu, ine ndinalibe. Anandifunsa katatu, ndipo kachitatu dzino langa lakutsogolo linatsala pansi m'chipindamo. Anandipatsa miyezi iwiri ya ndende. Ndikutuluka m'chipinda chofunsiramo, kapitawo uja anandiuza kuti matutu anga awasalaza kale.

M'chipinda cha akazi tinalimo asanu. M'menemo ndinakumana ndi mayi wina wa ku Sanga, wamasiye, wamtali, wogulitsa usipa wouma, mlandu wake wofanana ndi wanga. Tonse tinkangowatcha Ama. Atandiona pakamwa potupa sanandilire. Ananyowetsa nsonga ya nsalu yawo, n'kundipukuta, n'kunena kuti, "Mwana wangu, tsopano muziimba bwino mluzu."

Ndinakwiya nawo. Ine mtima unali pa mitolo ija. Tikamalima udzu kuseri kwa ndende, ndinkayang'ana dzuwa n'kumaliwerengera kuti laumitsa pati. Mvula ikagwa ndinkalira kuti ikupita pachabe. Ikaleka ndinkaliranso. Msilikali wina wa ku Dedza ankakonda kunena kuti, "Iwe wa mano, khasu silikhala m'mwamba." Ndinaonda mpaka nsalu inkazungulira kawiri.

Chakudya chinali mgaiwa ndi nyemba, kamodzi pa tsiku, ndipo masiku ena chinkachedwa mpaka dzuwa litapendeka. Choncho ndinayamba kudya theka, theka lina n'kumanga m'kansalu kuti ndidzadye mawa. Kutacha ndinkapeza nyerere zitadzaza, kapena chitasasa. Ndinachita zimenezi sabata yathunthu. Ama ankadya nsima yawo yonse, n'kunyambita zala, n'kuyamika Chiuta mokweza ngati adya kondowole, nsima ya chinangwa, ndi nsomba ya batala.

Tsiku lina anandigwira dzanja ndikumanga kansalu kaja.

"Nyerere za boma zanenepa chifukwa cha inu," anatero. "Kodi mukuzisunga kuti mudzazikwatitse?"

"Ama, inu mulibe ana oti muwadere nkhawa."

Ndinanena mawu oipa, ndipo mpaka lero amandichititsa manyazi. Iwo sanakwiye. Anandiuza kuti anabereka anayi, atatu anawaika m'manda, wachinayi nyanja sinamubweze.

"Aliyense ndinamudera nkhawa mpaka kudwala," anatero. "Palibe amene nkhawa yanga inamusunga. Ndiye ndinawauza Ambuye kuti, mawa ndi lanu, tengani, ine landithyola msana. Mundisiyire lero lokha. Lero ndimalitha, mwana wangu. Idyani."

Ndinadya. Sindinene kuti nkhawa inatha, ayi. Koma kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse asanatitulutse, Ama ankandigwira dzanja n'kupemphera m'Chitonga. Pemphero lawo linali lalifupi zedi. Sankapempha kuti atitulutse. Ankapempha mphamvu za tsikulo, n'kutchula ana anga mayina, kenako n'kutchula msilikali wa ku Dedza uja, amene ankatsokomola. Pa Khirisimasi anayambitsa nyimbo, asilikali n'kumenya chitseko kuti tikhale chete. Ama anatsitsa mawu pang'ono, koma nyimbo anaimaliza ndime zonse.

Nthawi zina ankandifunsa za munda wanga, uli mbali iti ya mtsinje, mtengo wa mango uli pati. Ine ndinkayesa akungondichotsa maganizo.

Iwo anatuluka pa 9 Januwale. Ananditsanzika mwachidule, ngati akupita kumsika. Milungu isanu yotsatira inali yaitali. Ndinadziwa kuti mbewu yauma, ndinadziwanso kuti kumudzi palibe amene angayerekeze kuunda matutu m'munda wa munthu womangidwa. Komabe chakudya changa ndinkadya chonse.

Lachiwiri, pa 14 Febuluwale 1956, anandibwezera khasu langa n'kunditsegulira chipata. Ndisanafike pamsewu ndinaona mesenjala akubwera ndi mkaidi. Ndinazindikira kayendedwe kake ali patali.

"Ama, mwatani?"

"Matutu," anatero, akuseka.

"Simunamve ndi mwezi uja? Munda wanu womwe uja?"

"Wanga ayi. Ine ndekha ndingadye chinangwa chochuluka bwanji? Wanu."

Mesenjala anawakankha kuti ayende, koma iwo anapitiriza kuyankhula akuyenda. Mitolo iwiri anaipeza yamoyo, inayi itauma, ndiye anakadula ina m'munda mwawo n'kusenza kuchokera ku Sanga. Analima masiku khumi, akugona kwa apongozi anga. Kapitawo anadzazindikira chinangwa chitaphuka kale.

"Nanga akakasalazanso?" ndinafuula.

Anatembenuka pachipata. "Mwayambanso? Lero chilipo. Thamangani, mukapalire."

Anawapatsa miyezi inayi, chifukwa kanali kachiwiri. Matutu aja sanasalazidwe. Chifukwa chake sindikuchidziwa, mwina mvula inatseka njira, mwina kapitawo anatopa. Ndinafika kumudzi n'kupeza masamba atafika m'mawondo, ana ali moyo, apongozi akulira ndi kuseka.

Mu Juni ndinapita ku Sanga ndi nkhuku. Ndinapeza nyumba yotseka. Anansi anandiuza kuti Ama anatenga chifuwa m'ndende, ndipo anamwalira mu Meyi, kutatsala milungu itatu kuti atuluke. Mayi wina amene anali nawo m'chipindamo anati tsiku lomaliza anadya phala lawo lonse.

Anthu akandifunsa za ufulu amayembekeza kuti ndinene za chipata chija. Chipata chinatseguka, inde, ndipo ndinakondwa. Koma munthu womasuka amene ndinamuona ndi maso anga tsiku limenelo anali kulowa, osati kutuluka. Ine ndakalamba, ndipo nkhawa imandibwererabe ngati malungo. Ikabwera ndimanena pemphero lawo lalifupi lija.

Chinangwa chija tinakumba chaka chotsatira, ndipo chinatidyetsa mpaka mvula ina. Mbewu yake sindinaitaye. Chaka chilichonse ndimadula pa chakale n'kubzala chatsopano, pa matutu, ndipo zidzukulu zanga zimadya kondowole wake. Zikandifunsa dzina la mbewuyi, ndimati ndi ya ku Sanga.