Anesi Ochokera ku Boma

Ganizo lopita ku Joni linandibwerera ndili pa malire a Mwanza, dengu la manachesi lili pamutu. Ukwati wanga unali utangotha kumene. Bambo aja anatopa kudikira mwana, ine ndinatopa ndi maso a anthu a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Thambani, amene ankayamba ayang'ana kaye mimba yanga asanandipatse moni. Tsiku limenelo ndinaona amayi ena akutsika basi yochokera ku Joni, mabulangete ndi mapoto akutsitsidwa ngati akusamutsa sitolo. Ndinayang'ana manachesi anga ofota aja, n'kunena mumtima kuti basi, nanenso ndikaone kumene zimachokera zinthuzi.

Amayi sanandiletse. Dzina langa ndine Aginesi, koma lilime lawo silinkafuna zovuta, ankangoti Nesi. Ndinawauza akusenda chinangwa pakhonde.

"Nesi iwe, pita. Koma usakatchone, wamva? Anzako akapita kumeneko amaiwala njira."

Ndinaseka. Ndinati zaka ziwiri zokha, ndikangopeza ya malata ndibwerera.

Ku Joni ndinapeza ntchito kwa gogo wina wachizungu amene ana ake onse anali kunja. Ndinkamuphikira, kumusambitsa, ndi kumvetsera madandaulo ake osatha. Khansa itamugwetsa, kunyumbako kunayamba kubwera azimayi ochokera ku hosipisi, nyumba yosamalira odwala amene madokotala awalephera. Gogoyo atamwalira, mkulu wa azimayi aja anandiuza kuti ndili ndi manja abwino, ndizipita kukathandiza kwawoko ndikakhala ndi mpata. Malipiro panalibe. Ndinapeza ntchito ina yoyeretsa m'maofesi, koma Lamulungu lililonse ndinkakwera minibasi kupita ku hosipisi.

Ndisaname kuti unali mtima wachifundo wokha. Lamulungu la ku Joni limatalika ukakhala wekha m'kachipinda ka malata, wailesi ya oyandikana nawo ikuimba m'chilankhulo cha eni. Ku hosipisi kunali anthu amene ankandiyembekezera. Ndinaphunzira kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, kunyowetsa milomo ndi thonje, ndi kuzindikira kapumidwe ka munthu amene watsala pang'ono. Lamulo loyamba linali lakuti usanakhudze wodwala uvale magolovesi ndi epuloni yoyera. Linandilowa m'magazi, ndipo ndinkanyada nalo. Ndinatseka maso a anthu ambiri amene lero sindikumbukira ngakhale mayina awo.

Zaka ziwiri zija zinabala zinzake mpaka kupitirira khumi. Masiku a m'pasipoti anandithera kalekale, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangotuluka m'dzikomo sadzandilolanso kulowa. Ndiye ndinkatumiza ndalama ndi katundu, mlongo wanga wamng'ono Lufeyo n'kumamanga nyumba imene ndinkangoiona pa zithunzi za pafoni. Ndikafunsa za amayi, yankho linali limodzi.

"Ali bwino, achemwali. Miyendo yokha basi, ukalamba."

Ndikati ndilankhule nawo, ankati agona, kapena apita ku tchalitchi, kapena netiweki ikuvuta. Tsiku lina anawapatsa foni, iwo n'kumangofunsa kuti, "Ndani? Ndani?" Ndinanyoza netiweki ya ku Thambani n'kudula. Ine amene ndinkatha kudziwa matenda a mzungu pongomva mawu ake ali chipinda china, a mayi anga sindinawamve. Zimandipweteka mpaka lero.

Amene anaswa nkhani ndi a Nangondo, mayi wachikulire wa ku tchalitchi kwathu, mmodzi wa anthu odzipereka amene amayendera odwala m'makomo. Anabwereka foni ya mdzukulu wawo n'kunditumizira mawu: "Nesi, ndine Nangondo. Amayi ako atopa. Ngati ukufuna kuwapeza, nyamuka." Kwathu akati wodwala watopa sanena za kufuna tulo. Ndinagulitsa bedi ndi sitovu, n'kukwera basi.

Kuchokera pa Thambani ndinakwera kabaza. Nyumba ya malata ndinaipeza, yokongola kuposa pa zithunzi, koma nditangoponda pakhonde ndinamva fungo limene ndinkalidziwa bwino. Ndinasuzumira pakhomo. Amayi anali pa matiresi pansi, atachepa ngati mwana, a Nangondo akuwathamangitsira ntchentche ndi chitenje. Pantchafu panali chilonda chachikulu.

Mwana wa munthu akanathamanga n'kukagwa pa mayi ake. Ine mtima unandiwira. Ndinakalipira Lufeyo panja pomwepo, n'kutsegula chikwama, kuvala epuloni ndi magolovesi, manja akungochita okha zimene anazolowera. Ndinalowa ndili mbuu, n'kugwada, n'kuyamba kuyang'ana chilonda chija.

A Nangondo anawerama pakhutu pawo. "Anaphiri, taonani amene wabwera. Ndi Nesi uyu."

Amayi anatembenuza mutu. Maso awo anali atachita ng'ala, ndikhulupirira anangoona choyera. Anakoka chitenje n'kuphimba pachifuwa mwamanyazi.

"Anesi? Ochokera ku boma? Takulandirani, anesi. Lufeyo iwe, apatse mpando alendowa."

Ndinavula magolovesi aja msangamsanga n'kuwagwira amayi kumaso. "Amayi, ndine. Nesi wanu. Ndabwera."

"Eya, tamva, anesi. Pepani mwatipeza chonchi."

Ndinayesa zonse. Epuloni ndinaitentha. Ndinavala chitenje chawo chakale, ndinatchula mayina a abale athu amene anamwalira, ndinaimba nyimbo imene tinkaimba popita kudimba. Iwo ankamvetsera mwaulemu n'kunena kuti anesi a masiku ano ndi ochezeka. Nditalimbikira kwambiri tsiku lina anayamba kunjenjemera ndi kuitana Lufeyo. A Nangondo ananditengera kuseri kwa nyumba.

"Mutu wawo unayamba kuchoka kale, mwananga. Chimene chalowamo sichituluka. Usawakakamize, ukuwaopseza."

"Nanga ine nditani?"

"Uwasambitse. Nesi kaya anesi, madzi ake ndi omwewo."

Lero ndimayenda nawo a Nangondo m'midzi yozungulira kuno, ndipo ndi ine amene ndimapita ku chipatala cha ku boma kukatenga mankhwala amadzi opha ululu, poti miyendo yawo yayamba kukana. Magolovesi ndimavala, ndi ofunika, sindingawanyoze. Koma ndikalowa m'nyumba ndimayamba ndakhala pansi, kupereka moni ndi dzanja langa lenileni, kunena kuti ndine mwana wa ndani. Phunziro limeneli ndinaligula modula.

Masabata amene anatsatira kubwera kwanga kuja ndinagona pambali pa amayi. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni. Chilonda chinayamba kuuma m'mbali, ululu unachepa. Sanandivutepo ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho ndicho chinkandidya. Lufeyo akachedwa ndi madzi ankamulalatira, "Chitsiru iwe, unabadwa ndi miyendo ya ndani?" Ine ndinkamva nsanje. Munthu wamkulu ndi imvi zanga, ndinkasirira kutukwanidwa. Kwa ine zinali "inu" basi, "zikomo anesi", "mwavutika anesi". Kachilembo kamodzi kokha kanaima pakati pa ine ndi mayi anga, ndipo ndinalephera kukachotsa.

M'mawa wina ndinathira dala mchere wambiri m'phala. Amayi anga sankalekerera zoterezi, pa utsikana wanga ndinathamangitsidwapo ndi mthiko chifukwa cha mchere. Ndinawapatsa supuni yoyamba. Nkhope yawo inakwinyika, anameza movutika, n'kupukuta pakamwa.

"Mwaphika bwino, anesi. Kungoti lero ndilibe njala."

Ndinatuluka n'kukalira kuseri kwa khola la mbuzi.

Lufeyo sindinkamulankhula bwino masiku onsewo. Nditamupanikiza kuti anandibisiranji, anayang'ana pansi. "Achemwali, si ine. Eni ake anandilumbiritsa mutu wawo ukadali bwino." Ndinamuuza kuti bodza lake lilibe manyazi, akunamizira munthu amene sangadziyankhire.

Tsiku lomaliza linali lotentha. Chakumasana kapumidwe kawo kanasintha, ndipo sindinafunikire wondiuza tanthauzo lake. Ndinatuma Lufeyo kukaitana a Nangondo, ine n'kutsala ndikuwanyowetsa milomo. Mwadzidzidzi anandigwira pamkono, mwamphamvu kuposa mmene ndinkaganizira, mawu awo akumveka bwino ngati kale. Ndinati mwina ino ndiyo nthawi, andizindikira.

"Anesi, inu ndinu munthu woyenda. Ndikupempheni kanthu."

"Nenani, amayi."

"Ndili ndi mwana wanga wamkazi ku Joni. Amasamala odwala ngati inu nomwe, akuti amamuyamikira kwambiri kumeneko. Anyamata a mafoniwa ndi apakamwa. Muwaletse, asamuuze kuti ndadwala. Akangomva athamanga, ntchito imuthera. Anavutika kokwanira mwana ameneyo, musiyeni apume."

Mawu anali pamlomo, ndine amayi, ndine ndemwe, ndabwera kale. Ndinayang'ana nkhope yawo, ikudikira yankho ndi nkhawa yonse imene inawatsalira m'thupi.

"Mwandimva, anesi?"

"Ndamva, amayi. Samuuza."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza."

Anapumira m'mwamba n'kumasula dzanja. Lufeyo ndi a Nangondo analowa, tinayamba nyimbo chapansipansi. Amayi anatisiya dzuwa lisanalowe, mutu wawo uli pamiyendo ya mlendo wochokera ku boma, mtima uli m'malo kuti Nesi wawo sakudziwa kanthu.