Mkwiyo wa Mayi Buda

Dzina loti Mayi Buda anawapatsa ndi ophunzira a pakoleji, ndipo linawakakamira mpaka kumsika. Eni ake ankadana nalo. Iwo anali Mkhristu wa m'kwaya, woimba besi ngati bambo. Chibuda ankangochifufuza ndi kuchiphunzitsa basi.

Anachiyamba ali mtsikana, atawerenga za amonke akale amene anakangana koopsa pa tinthu tating'ono, monga ngati mmonke angasunge mchere m'nyanga kuti adzathire m'chakudya cha mawa. Poyamba anaseka, kenaka anafuna kudziwa chimene chinali kuseri kwa mkanganowo. Chidwicho chinawatengera kudziko lozizira, kumene anakaphunzira Chipali, chinenero cha mabuku akale a Chibuda, zala zikuuma ndi chisanu m'laibulale.

Atabwerako, apongozi awo aakazi anaona chithunzi cha Buda pachikuto cha buku pabalaza, nakana kukhala pampando.

"Mwatibweretsera mafano m'nyumba ya mwana wanga?" anafunsa gogoyo.

"Amayi, ndi buku la kuntchito. Dokotala wa malungo sapembedza udzudzu."

Apongoziwo sanaseke. Anapemphera choimirira, nanyamuka tiyi asanapse.

Kukoleji nako zinali zomwezo. Phunziro lawo linafinyidwa m'masabata omaliza a teremu, pansi pa mutu woti Zipembedzo Zina, nthawi imene mitu ya ophunzira ili kale kumayeso. Amati akafotokoza bwinobwino mmene magulu a Chibuda anagawikanira, mkono umakwera kumbuyo: "Madamu, amenewa ndi a karate aja?"

Choncho anakhala pansi nakonza kosi yathunthu: mbiri, ziphunzitso, malamulo a amonke, ndi Chipali pang'ono. Anakaipereka kwa mkulu wa dipatimenti, bambo wosekaseka amene ankavomera chilichonse ndi mutu koma osawerenga.

Tsiku lina mkuluyo anawaimitsa pamasitepe.

"Mayi, ndimakufunani. Aphunzitsi anzanu atopa, ena BP yakwera. Lachisanu mutiphunzitseko zanu zija zokhala pansi n'kutsinzina."

"Ine sindiphunzitsa kutsinzina, bwana. Ndimawerenga mabuku. Kosi yanga mwaiona?"

"Tiiona, tiiona. Koma izi n'zimene anthu akufuna. Tibwereka mamatiresi kuhositelo."

Apa Mayi Buda anaphulika. Analankhula za zaka zimene anasiya ana ndi bambo awo, za maso amene anawonongeka ndi tizilembo, za mmene palibe amene amauza mphunzitsi wa mbiri ya nkhondo kuti awombere mfuti Lachisanu. Besi ija inamveka mpaka kukantini. Mkuluyo anadikira kuti amalize, n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Koma inu, kuwerenga Chibuda konseku, mtima wapachala sunathe?"

Nkhaniyo inawanda koleji yonse. Lachisanulo mphunzitsi wa masewera anatsogolera kutsinzinako, akutsatira vidiyo ya pafoni, ndipo anthu anatuluka akuyamikira. Komiti yovomereza makosi itakumana, inakana kosi ija. Inati za Chibuda zikuchitika kale Lachisanu lililonse, palibe chifukwa chobwereza.

Mayi Buda anafika kunyumba nkhope ili gwa. Amuna awo, amene anali makaniko, anatulutsa mutu pansi pa galimoto nati, "Amake ana, bwanji osangosintha n'kumaphunzitsa Baibulo?"

Mayi Buda sanasinthe. Mpaka lero, nthawi ya nkhomaliro, amaphunzitsa Chipali mwaulere mu kaofesi kawo ka pansi pa masitepe, kamene amagawana ndi makina a fotokope. Makinawo akayamba kulira, amadula chiganizo pakati n'kudikira, milomo italumana. Ophunzira alipo awiri. Wina ndi mtsikana amene amabwera mwa apo ndi apo. Winayo ndi dikoni wachikulire, amene ananena poyera kuti akufuna kuwerenga mabukuwo kuti akawatsutse paguwa. Mayi Buda amakangana naye tsiku ndi tsiku mpaka kumenya tebulo, koma dikoniyo homuweki yake sanaphonyepo, ndipo akadwala mayiwo amamuimbira foni kumufunsa kuti abwera liti.