Mkono Umene Unatseketsa Sukulu

Fungo la dothi lonyowa, lija lozirira m'nyumba, limandibwezera ku kasukulu kathu ka kuseri kwa Nkando. Kanali kachipinda kamodzi ka zidina, kofolera ndi udzu, kamene makolo athu anamanga okha m'mphepete mwa munda wa tiyi. Lachisanu lililonse atsikana ankazira pansi ndi dothi lakuda la kudambo, ine n'kumasuzumira pakhomo, popeza ndinali ndisanafike msinkhu woyamba sukulu. Mkulu wanga Ayida ndiye ankaphunzira mmenemo. Mipando inali zipika za bulugamu, belu linali khasu lakutha lopachika mumtengo, ndipo mphunzitsi anali mmodzi yekha, a Muliya, bambo wowonda amene choko sichinkawachoka m'tsitsi.

Dzinja la chaka china tiyi anaphuka modabwitsa. Ife tinkakhala pamalo a esiteti, ndiye kapitawo akati nyumba iliyonse itulutse anthu okatchola, panalibe wokana. Ana okulirapo anasiya zipika n'kubereka madengu kumsana. Ayida nayenso anapita. Ankabwera madzulo atanyowa mpaka m'chiuno, zala zili bii, n'kugona buku lake osalitsegula n'komwe.

Kenaka kunamveka kuti woyendera sukulu wa ku mishoni afika Lachiwiri, ndipo akapeza ana ochepa, sukuluyo aitseka. Azimayi anakumana pamtondo n'kupangana nzeru yawoyawo. Anati zipika zisaoneke zopanda anthu, aliyense abweretse mwana amene watsala pakhomo. M'mawa wake amayi anandikhula ndi mwala mpaka khungu kuwawa, anandidzoza mafuta a nsatsi, n'kundiveka diresi ya Ayida, atamanga luzi m'chiuno kuti isakwekwerezeke. "Ukakhale phee," anatero. "Akakufunsa, ukati ndiwe wa kalasi yoyamba." Chimwemwe chake, amayi ine! Njira yonse ndinayenda ndikulumpha matope.

A Muliya atationa tikulowa, tiana tamamina tili ndondondo, anagwira pakamwa. Iwo sanauzidwe za nzeruyi. Koma njinga ya mlendo inali itafika kale pabwalo, ndipo sakanathanso kutibweza.

Mlendoyo anali bambo wa jekete, wolankhula motsitsa. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati ang'onoang'ono tonse tituluke, tiime pamzere. Masiku amenewo panalibe mwana wa kwathu wokhala ndi pepala la tsiku lobadwa, ndiye msinkhu ankayesa ndi mkono. Unkadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Ukalikhudza, wakula.

Ine ndinali woyamba pamzere. Ndinatambasula mkono mpaka phewa kulira, koma zala zinathera m'tsitsi, khutu litatsala pang'ono pokha. Ndinapendeketsa mutu, mlendo n'kuuwongola ndi chala chimodzi. "Pita kwa amako, mwanawe, ukakule kaye," anatero. Onse a pambuyo panga analepheranso. M'kalasi munatsala ana owerengeka, zipika zambiri zili mbee.

Mlendo uja anawatengera a Muliya kuseri kwa chipupa, koma mawu oti chinyengo tinawamva tonse. Azimayi anali atabisala m'mizere ya tiyi, mitu ikuonekera. A Muliya sanaloze aliyense. Anangoti, "Wolakwa ndine, bwana." Sabata yomweyo belu linasiya kulira.

Mumtima mwanga mlandu unali wosavuta. Ndinali woyamba kulephera, ndiye amene anatseketsa sukulu ya Ayida ndinali ine. Ndinaganiza kuti mkono ukatalika, a Muliya adzatsegulanso. M'mawa uliwonse ndinkalendewera pa nthambi ya gwafa kuseri kwa nyumba, mame akundidonthera m'maso, mpaka manja kuchita matuza. Madzulo ndinkapempha Ayida kuti andikoke mkono. Ankakoka ndithu, osaseka, ngakhale anali wotopa. Ndinkayesa khutu podzuka, pomwa phala, potunga madzi, ndipo amayi ankandikalipira kuti ndikuzunguza mutu ngati nkhuku yachitopa.

Nandolo atayamba maluwa, tsiku lina chala changa chapakati chinakhudza nsonga ya khutu. Sindinatsitse mkono, kuopa kuti ungafupikenso. Ndinathamanga chomwecho, dzanja lili pamutu, mpaka kusukulu.

Ndinapeza chipupa chakumaso atachigumula. Pamtanda wa denga panalendewera sikelo, pansi pali masamba a tiyi mulu, ndipo azimayi anali pamzere ndi madengu awo. Zipika anali ataziunjika panja ngati nkhuni. Pachipupa chotsala zilembo za a Muliya zinkaonekabe, theka litafufutika. Kapitawo anandifunsa chimene ndinkafuna.

"Ndagwira khutu," ndinatero. "Kawaitaneni aphunzitsi."

A Muliya anali atawoloka kale mtsinje wa Muloza kupita kwa abale awo, ndipo panalibe amene anandiuza. Ayida anatsitsa dengu lake, anatuluka pamzere, n'kunditsitsa mkono pang'onopang'ono. "Esi, basi," anatero. "Tiye kunyumba." Ndinalira njira yonse, iye osalira.

Nyumba ya sukuluyo inakhala yoyezera tiyi zaka zambiri, kenaka mvula inaigwetsa. Pano pamera tiyi, ndipo ana odutsa sadziwa kuti panali sukulu. Mlandu uja ndinaunyamula mpaka nditakula, ndipo zimandipweteka kuti kamwana kanasenza chinthu chotere kokha. Lero ndikudziwa kuti sukuluyo inatha tsiku limene madengu anatenga ana ake, ndipo azimayi aja ananama chifukwa analibe china choitetezera nacho.

Patapita zaka ziwiri, malume ananditenga kukakhala nawo ku Boma, ndipo ndinalowa sukulu popanda wondiyesa mkono. Ayida, amene khutu ankaligwira kalekale, sanabwererenso m'kalasi. Mpaka tsiku limene anamwalira, makalata a ana ake ndinkamuwerengera ndine.